ZA UMOYO: MADZI A MOYO AFUNA MUYESO WOYENERA

Nyengo ya mvula ikafika, matenda otsegula m'mimba amaculuka m'makomboni a Chipata ndi kumidzi komwe. Ambiri a ife tili ndi abale kwa Mfumu Mlolo m'boma la Chadiza, kumene anthu ena amatunga madzi pazitsime zosavundikira ndipo cipatala cimakhala kutali. Tisaiwale kuti mu January 2023 kolera inabuka ku Vubwi, boma loyandikana ndi Chadiza. Comwe cimapha mwana wotsegula m'mimba ndi kutha kwa madzi ndi mcere m'thupi. Cida cathu ndico madzi a moyo, kapena kuti ORS, koma amagwira bwino nchito pokhapo ngati tasakaniza pa muyeso wake.

Kodi muyeso umenewu amaupeza bwanji?

Thupi limawerenga tizidutswa tating'onoting'ono ta mcere ndi shuga tomwe tasungunuka m'madzi. Popeza tizidutswato sitioneka ndi maso, akatswiri amatiwerenga m'magulu ochedwa mole, monga momwe timawerengera mazira m'madazeni. Dazeni ya mazira ndi dazeni ya maungu sizilemera cimodzimodzi. Momwemonso mole imodzi ya mcere imalemera magalamu 58.5, pamene mole imodzi ya shuga wa glucose imalemera magalamu 180.

Lamulo lake ndi ili: culukitsani mamole ofunika pa lita imodzi ndi kulemera kwa mole imodzi, kenaka ndi malita amene mufuna kukonza.

Bungwe la WHO linalengeza muyeso watsopano wa ORS mu 2002. Muyesowo ufuna mamole 0.075 a glucose pa lita. Tikaculukitsa 0.075 ndi 180 tipeza magalamu 13.5. M'paketi ya lita imodzi mulinso magalamu 2.6 a mcere, 1.5 a potassium chloride ndi 2.9 a citrate. Zonse pamodzi ndi magalamu 20.5. Ngati madzi ndi mamililita 200 okha, ndilo gawo limodzi la magawo asanu a lita, ufa wofunika ndi magalamu 4.1 cabe. Ndiye cifukwa cake timapaketi ta Kit Yamoyo, tomwe anayamba kutiyesa ku Katete ndi ku Kalomo mu 2012, anatipanga tating'ono, ta mamililita 200.

Shuga ndi mcere ziyenera kuyendera pamodzi, pakuti m'matumbo glucose ndiye amathandiza mcere kulowa m'magazi, ndipo madzi amatsatira pambuyo.

Kuopsa kolakwitsa muyeso

Amai ena amathira paketi yonse ya lita imodzi m'kapu imodzi, poganiza kuti mankhwala akakhala amphamvu mwana acira msanga. Kutero n'koopsa. Kapu ya mamililita 250 ndi gawo limodzi la magawo anai a lita, motero mcere umakhala woculuka kanai kuposa woyenera. Sodium, amene ndi mbali ya mcere, amacoka pa mamole 0.075 kufika pa 0.3 pa lita, pamene m'magazi a munthu mumakhala pafupifupi 0.14. Madzi oterewa amakoka madzi kucoka m'thupi la mwana. Mwanayo akhoza kukomoka, kugwedezeka thupi, ngakhale kumwalira. Shuga akaculuka, kutsegula m'mimba kumakula. Madzi akaculukitsa, mcere sukwanira kubwezera umene watayika.

Zoyenera kucita

1. Sambani m'manja ndi sopo.
2. Werengani paketi kuti mudziwe ngati ndi ya lita imodzi kapena ya mamililita 200.
3. Pimani madzi owiritsa ndi kuziziritsa, kapena othira klorini. Mabotolo awiri a mamililita 500 ndiwo lita imodzi.
4. Thirani paketi yonse ndi kutakasa mpaka ufa usungunuke. Musaonjezere shuga kapena mcere.
5. Mwana wosakwana zaka ziwiri mumwetseni mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akapita kucimbudzi. Wa zaka ziwiri mpaka khumi amwe 100 mpaka 200. Akasanza, dikirani mphindi khumi ndi kuyambanso pang'onopang'ono ndi sipuni.
6. Otsala atayeni pakapita maola 24.

Ngati mulibe paketi, sungunulani masipuni aang'ono a tiyi asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la sipuni la mcere m'lita imodzi ya madzi abwino. Masipuniwo akhale osefula ndi mpeni, osati odzaza mulu. Lawani: asawawe mcere kuposa misozi. Awa ndi ongothandizira pamene mufunafuna paketi, cifukwa mulibe potassium.

Pitirizani kuyamwitsa ndi kudyetsa mwana, ndipo pemphani mapiritsi a zinc a masiku khumi mpaka 14 kukiliniki. Mukaona maso olowa, liwombo lolowa, cimbudzi ca magazi kapena conga madzi otsukira mpunga, kapena mwana akukana kumwa, thamangirani kucipatala uku mukumumwetsa panjira.

Inu amene mudzapita kukaceza kwa Mlolo kapena kumudzi kwina kulikonse, nyamulani mapaketi angapo ndi botolo loyera lopimira, ndipo muwaonetse agogo osunga ana kasakanizidwe kake.