Wosunga Mabuku Abwera ndi Funso Kuchokera ku Makokola

Aliyense amene anayendapo pa msewu wochokera ku boma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay awadziwa Makokola, malo a m'mphepete mwa nyanja kumene anthu a ntchito amakonda kuchitirako misonkhano. Kumeneko kunapita mayi wina, mphunzitsi mnzathu, amene pamwamba pa kuphunzitsa amasunganso mabuku a pa sukulu pathu. Tikati laibulale musaganize za nyumba yaikulu ayi. Ndi kabati imodzi ndi makatoni atatu mu ofesi ya ahedi, ndipo ntchito yaikulu ya mayiwa ndiyo kulimbana ndi chiswe ndi kumata masamba ong'ambika.

Ku msonkhanoko anawaonetsa tabuleti. Kachipangizo aka kafanana ndi sileti ija tinayambira kulembapo ife akale, koma iko kamayankhula. Mwana amavala zomvera m'makutu, makinawo natchula liwu m'Chichewa, iye nakhudza lembo lake ndi chala. Akalakwa amamubwerezera, osatopa, osakalipa. Mayiwa akuti anakhala pamenepo nthawi ya tiyi yonse akuwerenga mbuzi ndi nsomba ngati mwana wa Sitandade 1.

Zimenezi sizinayambe dzulo. M'chaka cha 2013 bungwe la VSO linayamba kuyesa matabuleti m'dziko muno, pogwiritsa ntchito maphunziro okonzedwa ndi bungwe la ku Britain lotchedwa onebillion. Mu 2023 boma linakhazikitsa ndondomeko ya BEFIT, imene inayambira m'sukulu 500, ndi cholinga chofikira sukulu zonse za pulayimale za boma, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Popeza sukulu zambiri zilibe magetsi, makinawo amalandira moto kuchokera ku dzuwa.

Ife aphunzitsi sitinganyoze zimenezi. Chichokere 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ambiri a ife taimapo patsogolo pa ana opitirira zana m'kalasi imodzi. Kodi mphunzitsi mmodzi angamve bwanji mwana aliyense akuwerenga? Wamanyazi uja wakumbuyo amatha chaka chathunthu akungogwedeza milomo. Tabuleti imamupeza mwana ameneyo payekha. Ndiponso wosunga mabuku aliyense akukumbukira moto umene unapsereza laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu mu Disembala 2015. Buku losungidwa m'makina ambiri silithera pa moto umodzi.

Komabe mayiwa anabwerako ndi funso limene latisowetsa mtendere. Mwana akadziwa kuwerenga, adzawerenga chiyani? Tabuleti amaigwira kanthawi kochepa, kenaka imatsekeredwa kuti ilandire moto, ndipo mwana amapita kwawo chimanjamanja. Kuwerenga kuli ngati kupalasa bwato: woonetsedwa kagwiridwe ka nkhafi pamtunda sanakhale mpalasi. Ayenera kukhala ndi buku madzulo, Loweruka, ndi pa tchuthi pomwe.

Pano tiyenera kudzitsutsa tokha. Dr Robert Laws ndi anzake atafika ku Cape Maclear mu 1875, kufupi ndi Makokola komweko, anatsegula sukulu kuti anthu adziwerengere okha. Mpingo wathu unakula ndi buku m'manja. Nanga lero m'nyumba zathu muli chiyani, kupatula Buku Loyera ndi la nyimbo, amenenso ana timawaletsa kugwira poopa kuti angadetse? Inu makolo, tayang'anani pa alumali panu. Inunso anyamata ndi asungwana okhala ndi mafoni, ndi liti munamuwerengera mng'ono wanu nthano?

Mayiwa anapempha komiti ya sukulu kuti ana azibwereka mabuku Lachisanu n'kubweza Lolemba. Mkangano unakula ndithu. Ena anati mabuku adzathera kukulungira usipa, ena anafunsa amene adzalipire likatayika. Ifenso, tisabise, tinali mbali ya okayika. Potsiriza anagwirizana kuyesa ndi Sitandade 4 yokha, kholo lililonse lisainire buku la mwana wake.

Lolemba loyamba mabuku onse anabwera kupatula awiri. Limodzi linafika Lachitatu litanyowa ndi mvula, mayiwa naliyanika pa zenera tsamba ndi tsamba. Linalo mwana anadzapepesa kuti agogo ake akana kulibweza, chifukwa mdima unagwa asanamve mathero a nkhaniyo.