Mfutso wa mazira a nsomba, nyambo yomwe idautsa mapiri pachigwa

Kuno kwathu mayi akatumbula nsomba n'kupeza mazira m'mimba, nkhani yake imathera mumphika. Ana amalimbirana, ndipo yemwe wapatsidwa amadziona ngati ndiye wapamtima pakhomopo.

Koma kumpoto chakumadzulo kwa dziko la America, m'zigawo za Oregon, Washington ndi Alaska, komanso ku British Columbia m'dziko la Canada, asodzi ambiri a mbedza akapeza mazira otere sathamangira kukhitchini. Amawathira mankhwala n'kuwasunga m'botolo kuti adzakhale nyambo yowedzera nsomba zina.

Tingoti ndi mfutso, ngakhale kuti wawowu sauwiritsa ngati wa nkhwani kapena chitambe. Cholinga n'chimodzimodzi: kusunga lero chinthu chosachedwa kuwola kuti chidzathandize nyengo yake itapita.

Mazira ake ndi a nsomba yotchedwa salmon. Nsombayi imabadwira mumtsinje, n'kutsikira kunyanja yamchere ya Pacific komwe imakulira kwa zaka zingapo. Ikakhwima imabwerera kumtsinje womwewo kumene idabadwira, nthawi zina ulendo wa makilomita mazanamazana molimbana ndi madzi.

Ikafika, yaikazi imakumba kadzenje pa timiyala ta pansi pa mtsinje pogwiritsa ntchito mchira, n'kuikira mazira. Yaimuna imathira mbewu yake, kenaka yaikazi imakwirira. Zikatha izi, zonse ziwiri zimafa. Salmon za ku Pacific zimaswana kamodzi kokha pa moyo wawo.

Mtundu waukulu kwambiri, wotchedwa chinook, nthawi zambiri umaikira mazira pakati pa 3,000 ndi 7,000, lililonse lalikulu ngati nsawawa, lofiirira ngati papaya wakupsa. Si onse amene amakwiririka. Ena amakokoloka ndi madzi, ndipo nsomba za kumunsi, monga trout ndi mbale wake steelhead, zimangokhalira kudikira phwandolo.

Asodzi adaona zimenezi kalekale. Chinthu chomwe nsomba idazolowera kuchiona chikubwera chokha ndi madzi siingachikayikire. Chodabwitsa n'choti ngakhale salmon zikuluzikulu, zomwe zimaleka kufunafuna chakudya zikangolowa mumtsinje, zimakhwithulabe mazira akadutsa pafupi ndi kamwa.

Vuto ndi loti dzira laliwisi n'lofewa. Ukalibaya ndi mbedza limaphulika, ukaponya chingwe limathothoka lisadafike n'komwe pamadzi. Pakapitanso masiku ochepa limayamba fungo. Chikhalirecho nsomba za mazira zimapezeka miyezi yochepa pachaka pomwe msodzi amafuna nyambo nthawi zonse.

Apa m'pamene pamabwera luso la kufutsa, ndipo ntchitoyi imayambira kumtsinje komweko, nsomba isadafike kunyumba.

Msodzi akangoivuula amaidula ziwalo zopumira za m'mbali mwa mutu kuti magazi atuluke. Magazi ndiye mdani wamkulu wa nyamboyi chifukwa akatsalira amadetsa mazira ndi kufulumizitsa kuwola. Kenaka amang'amba mimba mosamala kuti mpeni usalase mazirawo, omwe amakhala m'mikuta iwiri italiitali, uliwonse wokutidwa ndi kachikopa kopyapyala.

Mayi wa kuno angathamangire kuwatsuka, koma asodziwo ambiri amakana kuwakhudzitsa madzi poti amasuluka ndi kutaya fungo. M'malo mwake amawapukuta ndi mapepala ofewa a kukhitchini, n'kuwaika pozizira. Ntchito yotsala iyenera kuchitika pasadathe tsiku limodzi kapena awiri.

Kunyumba mkuta uja amautsegula ndi sizasi m'litali mwake kuti utambasuke ngati buku. Ndi kumbuyo kwa supuni amakankha pang'onopang'ono magazi otsalira m'timitsempha ta pakachikopa kaja mpaka atatuluka. Ndi ntchito yofuna kudekha, ndipo waphuma amathera kuphwanya mazira ake omwe. Akatero amadula mkutawo m'zidutswa zokwana kukola pambedza.

Tsopano mankhwala. Njira yodziwika kwambiri ya pakhomo amaitcha 3-2-1: miyezo itatu ya borax, iwiri ya shuga ndi umodzi wa mchere. Mcherewo amasankha wopanda ayodini, wosiyana ndi umene timagula m'magolosale mwathu muno.

Borax ndi ufa woyera womwe umakumbidwa pansi, makamaka ku Boron m'chigawo cha California, ndipo m'masitolo a ku America amaugulitsa ngati wothandizira kuchapa zovala. Si chakudya. Mazira akathiridwa borax asanduka nyambo basi, sangabwererenso mumphika, ndipo botolo lake siloika pomwe ana angalifikire.

Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi ntchito yake. Mchere ndi shuga zimakoka madzi m'dzira, pomwe borax amalimbitsa khungu lake ndi kuletsa nkhungu. Ambiri amaonjezeranso utoto wofiira kapena wa pinki kuti nyambo izioneka bwino m'madzi akuda.

Chomwe chimachitika m'botolo n'chosangalatsa. M'maola oyamba mazira amatuluka madzi ambiri n'kufota, moti wosadziwa angaganize kuti aonongeka n'kuwataya. Msodzi wodziwa amangotembenuza botolo nthawi ndi nthawi. Pakatha masiku awiri kapena atatu, mazira aja amayamwanso msuzi wawo womwewo, koma ulendo uno utasakanikirana ndi mankhwala ndi utoto. Amafufumanso, olimba ndi owala.

Akatero amawayanika pamthunzi kwa maola angapo, malinga ndi kulimba komwe mwini akufuna. Nyambo yofewa imatulutsa kamtambo koyera ngati mkaka ikalowa m'madzi, ndipo fungo lake ndilo limaitana nsomba, koma siichedwa kutha pambedza. Youma kwambiri imapirira madzi othamanga koma fungo limachepa. Aliyense ali ndi pomwe amaimira, ndipo ambiri chinsinsi chawo sauza ngakhale mnzawo wa m'bwato limodzi.

Zikaikidwa m'firiji youmitsa, nyambozi zimatha chaka osaonongeka. Pokola pambedza pali mfundo yakeyake yomangira yomwe imasiya kakhwekhwe ka chingwe kogwira chidutswacho kuti chisathothoke.

Chinthu chikakhala ndi ochifuna ambiri, amalonda sachedwa. Kampani ya Pautzke ya ku Ellensburg m'chigawo cha Washington yakhala ikugulitsa mazira a salmon a m'timabotolo kuyambira mu 1934. Luso lomweli lidafikanso kunyanja zikuluzikulu za m'malire a America ndi Canada, komwe boma la Michigan lidathirako salmon mu 1966 ndi 1967. Kumeneko asodzi amakonda kumanga mazira angapo m'kansalu konga ka neti ya udzudzu, n'kupanga kampira kakang'ono kokola pambedza.

Paja akuluakulu adati walira mvula walira matope. Pofuna nyambo yosachita nkhungu komanso yokopa kwambiri chinook, opanga mankhwala ogulitsa adayamba kuthiramo ena otchedwa sodium sulfite, ndipo asodzi adawakonda.

Koma nyambo yoponyedwa mumtsinje siisankha woidya. Zidutswa zomwe zathothoka pambedza, komanso zotsala zomwe msodzi wakhuthulira m'madzi poweruka, zimadyedwa ndi tiana ta salmon ndi steelhead tomwe tikukulira mumtsinje womwewo podikira ulendo wa kunyanja.

Nkhawa itakula, akatswiri a nthambi ya boma yoona za nsomba ndi nyama zakutchire ku Oregon, mogwirizana ndi a sukulu ya ukachenjede ya Oregon State University, adachita kafukufuku. Adaika tiana ta chinook ndi steelhead m'mathanki n'kumatidyetsa mazira ofutsidwa ndi mankhwala osiyanasiyana a m'masitolo.

Zotsatira zake, zomwe zidasindikizidwa mu 2011, zidaonetsa kuti ena mwa mankhwalawo amapha tinsombato. Atachotsamo sodium sulfite, imfa zidachepa kwambiri. Kunyika mazirawo m'madzi asadadyedwe sikudathandize kwenikweni, zomwe zidafooketsa ganizo loti mtsinje umatsuka wokha poizoniyo.

N'zoona kuti kafukufukuyu adachitikira m'mathanki osati mumtsinje, komwe kansomba kali ndi zakudya zina zoti kasankhe. Komabe kunyalanyaza kukadakhala kupusa, poganizira kuti mitundu ingapo ya salmon ndi steelhead ya mumtsinje wa Columbia ndi ina ya m'deralo ili kale pa mndandanda wa boma wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo.

Boma la Oregon silidaletse nyamboyi. Lidagwirizana ndi makampani kuti kuyambira pa 1 October 2011, mankhwala atsopano asamapitirire magalamu 12 a sodium sulfite pa kilogalamu iliyonse ya mazira ofutsa.

Palinso funso lina lomwe ndi lalikulu kuposa la mankhwala. Botolo lililonse la nyamboyi ndi nsomba yaikazi yomwe idaphedwa isadaikire. Mazira akakhala amtengo wapatali kwa msodzi, pamabwera chiyeso chopha nsomba, kuchotsa mazira okha n'kutaya nyama yonse m'mphepete mwa mtsinje.

N'chifukwa chake malamulo a usodzi ku Oregon amaletsa kuchotsa mazira mu salmon kapena steelhead popanda kutenganso nsomba yakeyo. M'mitsinje yambiri msodzi amaloledwa kupita kunyumba ndi nsomba zokhazo zomwe zidaswetsedwa m'malo oswetsera nsomba. Izi zimadziwika chifukwa zidakali zazing'ono amazidula kachipsepse kakang'ono ka pamsana pafupi ndi mchira. Ikakodwa yomwe kachipsepseko kalipo, ndiye kuti ndi yobadwira mumtsinje, ndipo iyenera kubwezeredwa m'madzi yamoyo. Mitsinje ina salola nyambo ya mtundu uliwonse chifukwa nsomba imaimeza mpaka kukhosi, moti ngakhale aibweze siikhalitsa.

Ku England ndi Wales sadafune n'komwe zokambirana. Lamulo lawo la usodzi la mu 1975 limati kuwedza ndi mazira a nsomba m'mitsinje ndi mlandu, ndipo ngakhale kugula, kugulitsa kapena kupezeka ndi mazira a salmon kapena trout ndi cholinga chimenechi n'kolakwa. Chomwe ku Oregon ndi luso lonyaditsa, kumeneko chingakufikitse kukhoti.

Wina angafunse kuti nanga ife za salmon zikutikhudza pati. Mbale wake tili naye. Trout yomwe atsamunda adabweretsa m'mitsinje yozizira ya pamwamba pa phiri la Zomba kumayambiriro a zaka za m'ma 1900, ndipo kenaka idafikanso ku Nyika, kwawo kwenikweni ndi komweko kugombe la Pacific. Ndi mtundu umodzi ndi steelhead, kungoti steelhead ndi ija imatsikira kunyanja yamchere n'kudzabwerera.

Ndiye palinso mpasa wathu, yemwe azungu adamutcha salmon wa m'nyanja ya Malawi ngakhale kuti palibe ubale wamagazi. Dzinali lidabwera chifukwa cha khalidwe: nayenso amachoka m'nyanja n'kukwera mitsinje monga Bua ku Nkhotakota ndi North Rukuru ku Karonga kukaikira mazira pa timiyala toyera.

Mpasa wachepa kwambiri. Matope ochokera m'minda ya m'mphepete mwa mitsinje akukwirira timiyala tomwe amaikirapo, ndipo maukonde ndi misampha yotchinga mitsinje imamugwira ali paulendo, mimba ili yodzaza. Asodzi athu nyambo ali nazo kale, usipa, nyongolotsi, ziwala ngakhale kambamu ka nsima, moti mazira a mpasa sapita pambedza. Amathera mumphika, nsombayo isadafike pomwe imapita.