Mitsuko Italiitali ya ku Japan: Kumene Inachokera ndi Chimene Chimaipatsa Mtengo

Mitsuko italiitali yokongoletsera nyumba yochokera ku Japan, yomwe ina imalekeza m'chiuno pamene ina imatalika ngati munthu wamkulu, kwenikweni siinaumbidwire nyumba za Ajapani eniake. M'nyumba yachikale ya kumeneko maluwa ankaikidwa m'kamtsuko kakang'ono pa tokonoma, malo olowa mkati mwa khoma osungirapo chinthu chimodzi kapena ziwiri zokongola, motero mitsuko ikuluikulu yambiri inkapita kwa ogula a ku Ulaya ndi ku America. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa osonkhanitsa mitsukoyi, chifukwa kutalika ndi kumene kumakopa maso koyamba, komabe kumangothandiza pang'ono poika mtengo.

Mbiri yake imayambira ku Arita, pa chilumba cha Kyushu, kumene cha m'ma 1616 kunapezeka mwala woyera paphiri la Izumiyama, ndipo mbiri ya kumeneko imati anaupeza ndi mmisiri wa ku Korea dzina lake Yi Sam-pyeong. Mwalawo ukasinjidwa umapereka dongo limene, likaotchedwa pa moto wa madigiri pafupifupi 1,300, limasanduka chiwiya choyera mbee, cholimba ndi chosamwa madzi. Ufumu wa Ming utagwa ku China mu 1644, nkhondo zinasokoneza malonda a ziwiya za ku Jingdezhen, choncho amalonda achidatchi amene ankakhala pa kachilumba ka Dejima ku Nagasaki anatembenukira ku Arita, ndipo mu 1659 anaitanitsa katundu wochuluka. Popeza ziwiyazo zinkakwezedwa m'zombo padoko la Imari, zinadziwika ndi dzina la dokolo. Mitsuko ya Imari ya nthawi imeneyo, yojambulidwa ndi utoto wabuluu, wofiira ndi wagolide, kawirikawiri inkagulitsidwa isanu pamodzi, itatu yokhala ndi zivindikiro ndi iwiri yotambasuka kukamwa, ndipo gulu lotere likapezeka lathunthu lero limakhala la mtengo woposa wa mitsuko yomweyo itagulitsidwa umodziumodzi.

Mitsuko yaitali kwambiri ndi ya m'nyengo ya Meiji, kuyambira 1868 mpaka 1912, pamene boma la Japan, pofuna ndalama zakunja ndi ulemu pakati pa mayiko, linkatumiza ntchito zaluso ku zionetsero zikuluzikulu monga cha ku Vienna mu 1873 ndi cha ku Philadelphia mu 1876. Mtsuko wotere sunkaumbidwa kamodzi, koma zigawozigawo zimene zinkalumikizidwa dongo likadali lofewa, ndipo unkatha kupindika kapena kung'aluka m'ng'anjo. M'nyengo yomweyi munatchukanso mitundu ina iwiri. Woyamba ndi Satsuma, chiwiya cha dongo lotuwirako chimene kunja kwake kuli timing'alu tosaoneka bwino ngati ulusi wa kangaude, chojambulidwa anthu ndi maluwa a golide wochuluka. Ngakhale dzinali ndi la dera la kum'mwera kwa Kyushu, mitsuko yambiri yopita kunja inkakongoletsedwa ku Kyoto, Osaka ndi Yokohama. Wachiwiri ndi shippo, umene thunthu lake ndi lamkuwa: mmisiri amamatapo timawaya topinda m'maonekedwe a maluwa kapena mbalame, n'kudzaza mipatayo ndi ufa wa galasi lamitundumitundu, kenako amaotcha ndi kupukuta kangapo mpaka pamwamba pasalale. Namikawa Yasuyuki wa ku Kyoto ndi Namikawa Sosuke wa ku Tokyo, amene onse anapatsidwa udindo wa amisiri a kunyumba yachifumu mu 1896, ndiwo akatswiri otchuka a luso limeneli.

Apa ndi pamene pamaonekera kuti kukula si mtengo. Kamtsuko kokwana m'dzanja kochokera kwa mmisiri Yabu Meizan wa ku Osaka kamaposa kutali mtsuko wa Satsuma wotalika mita imodzi wopangidwa mothamanga m'zaka za m'ma 1920. Woika mtengo akayang'ana kamtsukoko ndi galasi lokuza zinthu amaona kuti pa khamu la anthu ojambulidwawo, aliyense ali ndi nkhope yakeyake, nsidze zake ndi nsalu yamaangamaanga akeake, pamene pa mtsuko wamalondawo nkhope zonse n'zofanana, mizere ndi yonenepa, ndipo golide wapakidwa mwambirimbiri kuti abise kuperewera kwa luso.

Zolemba za pansi pa mtsuko zimathandiza, koma sizitsimikizira zonse. Lamulo la ku America la mu 1890 linafuna kuti katundu wolowa m'dzikolo alembedwe kumene wachokera, motero ziwiya zambiri za pakati pa 1891 ndi 1921 zili ndi mawu akuti Nippon, dzina la dzikolo m'chinenero cha eni ake, ndipo zapambuyo pake zimalembedwa Japan. Chizindikiro cha mtanda mkati mwa mzere wozungulira, chomwe ndi cha banja la Shimazu limene linkalamulira Satsuma, chinkajambulidwa ndi aliyense wofuna kugulitsa, ndipo zidindo za amisiri otchuka zimakoperedwa mpaka lero. N'chifukwa chake akatswiri amayamba aona luso, kulemera ndi dongo la m'munsi mosapakidwa utoto, n'kumalizira ku chidindo.

Chotsatira ndi kuona ngati mtsukowo uli wamphumphu. Monga mmene wogula mphika pamsika amaugogodera, mtsuko wa dongo loyera ukagogodedwa ndi chala umalira ngati belu ukakhala wabwino, koma umamveka mogontha ukakhala ndi mng'alu. Nyali yapadera ya kuwala kwa ultraviolet imaulula malo amene anamatidwa n'kupentedwanso, makamaka kukamwa ndi pakhosi. Mitsuko yambiri inabooledwa pansi kuti idutse waya wamagetsi n'kukhala nyali zapatebulo, ndipo bowo limenelo limagwetsa mtengo kwambiri, monganso kubenthuka kwa galasi la shippo, kumene n'kovuta kukonza osasiya chipsera.

Pa mitsuko yamakono, umboni waukulu ndi tomobako, bokosi lamatabwa limene mmisiri amalembapo dzina la chiwiyacho, n'kusainira ndi kudindapo chidindo chake. Kuyambira mu 1955 boma la Japan limalemekeza amisiri ena ndi udindo umene anthu amautcha chuma chamoyo cha dziko, ndipo Hamada Shoji wa ku Mashiko anali mmodzi mwa oyamba kuulandira. Mtsuko wa mmisiri wotere ukatayika bokosi lake umatsika mtengo ngakhale usanakandike paliponse, choncho osonkhanitsa odziwa bwino amasunga bokosi, malisiti ndi mbiri ya eni ake akale mosamala ngati mmene amasamalira mtsuko weniweniwo.