Yezani chitsulo chapakati musanagule

Abale ndi alongo a m'kopaletivi, kuno ku Milange njinga ndiyo ngolo ya mlimi. Tikakolola chimanga mu Epulo ndi Meyi, njinga imasenza matumba. Nandolo akauma cha mu Ogasiti ndi Sepitembala, njinga yomweyo imapita naye ku msika. Ena amagulitsa m'tauni momwe muno, m'munsi mwa phiri la Tumbine. Ena amaoloka malire pa Muloza kukafika ku Limbuli, m'dziko la Malawi. Njinga ikafa pa nyengo imeneyi, mbewu zimagona pakhomo, mtengo wabwino nkutipita.

Lero tiphunzira za chitsulo chimodzi chaching'ono chimene chimataitsa alimi ndalama.

Chitsulo chimenechi chili kuti?

Yang'anani pansi pa fulemu, pakati pa mapedulo awiri. Pali chibowo chopingasa. M'chibowomo mumadutsa chitsulo chimene chimazungulira mukamapalasa. Ife tizichitchula chitsulo chapakati. M'sitolo zolankhula Chipwitikizi amati eixo pedaleiro. Kumanja kwake kumalowa mwendo wa pedulo wokhala ndi gudumu la mano, pamene pamayenda tcheni. Kumanzere kumalowa mwendo winawo.

Zitsulo zimenezi zimaoneka ngati zofanana, koma sizifanana. Zina ndi zazitali, zina ndi zazifupi. Kusiyana kwake ndi kwa mamilimita ochepa chabe, koma njinga imakumva.

Chikakhala chachifupi, gudumu la mano limayandikira fulemu nkuyamba kuikhula. Nthawi zina mwendo wa pedulo umagunda fulemu pa kupalasa kulikonse. Chikakhala chachitali, gudumu limapita kunja kwambiri, tcheni nkumayenda mokhota. Tcheni yokhota imalira, imadya mano, ndipo imagwa pa chitunda pamene muli ndi thumba pa keliyala.

Mitundu iwiri

Njinga zathu zonyamulira katundu, monga Hero ya ku India ndi Phoenix ya ku China, zambiri zimagwiritsa kotapini. Kotapini ndi kamsomali kamene kamapana mwendo wa pedulo pa chitsulo chapakati. Pa mtundu umenewu mbali imodzi ya chitsulo ndi yotalikirapo. Mbali yaitaliyo ipite kumanja, kumene kuli tcheni. Mukachitembenuza, gudumu lidzakhula fulemu ngakhale chitsulocho chili chabwino.

Palinso njinga zamagiya, zogwiritsidwa kale ntchito kunja. Zina ndi za mpikisano, za matayala oonda ndi handulo yopindikira pansi. Zambiri mwa izi zilibe kotapini. Nsonga za chitsulo chake ndi za ngodya zinayi, ndipo mwendo umamangidwa ndi bauti kapena nati. Zitsulo za mtundu uwu zimapezeka za mamilimita 103, 107, 110, 113, 118 mpaka kupitirira 120. Njinga ya mpikisano ya magudumu a mano awiri kutsogolo kawirikawiri imafuna chachifupi. Ya magudumu atatu imafuna chotalikirapo.

Lamulo loti tisunge ndi ili. Utali wa chitsulo umatsata mwendo wa pedulo ndi gudumu lake. Miyendo ina ndi yoongoka, ina ndi yopindikira kunja. Choncho mukachotsa gudumu pa njinga ina nkuika pa yanu, musaganize kuti chitsulo chakale chidzayenera. Yesani kaye.

Tiwerenge manambala

Apa mpamene sukulu yathu ya akulu ikutithandiza. Zitsulo zambiri zatsopano zimabwera zotsekedwa m'chigoba chake, ndipo pachigobapo palembedwa manambala awiri, monga 68 x 113. Nambala yoyamba ndi kutambalala kwa chibowo cha fulemu. Yachiwiri ndi utali wa chitsulo. Njinga zambiri za mpikisano zili ndi chibowo cha mamilimita 68. Zina za ku Italy zili ndi cha 70, ndipo mazinga ake ndi osiyana. Njinga zambiri zokwera mapiri zili ndi cha 73. Amene amadziwa kuwerenga sanyengedwa pa sitolo ndi mawu akuti "zonse nzimodzi".

Chochita musanapite ku sitolo

1. Masulani chitsulo chakale, muchipukute.
2. Chiyezeni ndi rula kuyambira nsonga mpaka nsonga. Ngati kunsonga kuli timazinga ta nati, musatiwerengere.
3. Yezani kutambalala kwa chibowo cha fulemu.
4. Lembani manambala awiriwo pa pepala.
5. Nyamulani pepalalo, chitsulo chakale, ndi mwendo wa kumanja. Pa sitolo mugoneke chakale ndi chatsopano pamodzi, muone ndi maso anu.

Samalani pomasula. Pa njinga zambiri kapu ya kumanja ili ndi mazinga otembenuka. Imamasuka mukaipotoza mmene umayendera muvi wa wotchi. Amene sadziwa izi amaimangitsa, poganiza kuti akumasula, mpaka kuononga fulemu. Ngati muli timipira tachitsulo tomwazika, mbali iliyonse mumakhala 11. Tiwerengeni, ndipo mupake girizi watsopano.

Mukatha kumanga

Zunguzani mapedulo pang'onopang'ono. Gudumu lisakhudze fulemu, ndipo miyendo yonse iwiri idutse bwino. Kenaka gwadani kumbuyo kwa njinga, mutsinzine diso limodzi, muyang'ane tcheni. Pa njinga yopanda magiya tcheni ioneke yoongoka ngati chingwe chokokera mizere m'munda. Pa njinga yamagiya ikani tcheni pa giya lapakati kumbuyo, muyang'ane chimodzimodzi. Amene ali ndi rula angayeze kuchokera pakati pa paipi ya fulemu yotsika pa chishalo. Pa njinga ya mpikisano ya magudumu awiri, mpata wa pakati pa magudumuwo ukhale pa mamilimita 43 ndi theka.

Ntchito ya gulu

Rula imodzi ndi kope limodzi zikwanira kopaletivi yonse. Mlembi alembe dzina la membala aliyense, mtundu wa njinga yake, ndi manambala ake awiri. Wina akamapita ku tauni angagulire anzake popanda kuphonya. Tichite zimenezi mu Malichi, chimanga chikadali m'munda.

Mafunso

1. Kodi chimachitika nchiyani chitsulo chikakhala chachifupi?
2. Pa chigoba palembedwa 68 x 110. Utali wa chitsulo ndi uti?
3. Chitsulo chakale ndi cha 113, chatsopano ndi cha 118. Zasiyana ndi mamilimita angati?
4. Yezani chibowo cha njinga yanu, mulembe nambalayo m'kope, mubwere nayo ku phunziro lotsatira.