Za Kutsuka Dzimbiri la Mabatire m'Wailesi ndi m'Tochi

Inu eni nyumba a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, wailesi kapena tochi ikaleka kugwira nchito musafulumire kuitaya. Kawirikawiri siinafe ai. Tizitsulo tokhudza batire ndito tadyeka. Kumbukirani Marichi 2023, muja namondwe Freddy anagwetsa nyumba mu Blantyre, magetsi nazima: wailesi ndi tochi zinali makutu ndi maso a banja.

Choyambitsa chache ndi ichi. Batire likatha mphamvu, nilikhalitsa m'chipinda chache, limakha mankhwala. Mankhwalawo amauma nakhala ngati mchere woyera, ndipo mphamvu siidutsanso. Chinyontho cha dzinja, kuyambira Novembala kufikira Epulo, chimakulitsa bvutoli, monga khasu losiyidwa pa mvula.

Tsono chitani chotere. Zimitsani chipangizo, bvalani jumbo kumanja, nimuchotse mabatire onse. Werengani zolembedwa pa batire, pakuti mitundu yache iri yosiyana. Lolembedwa "alkaline" lifuna chowawasa: madzi a mandimu kapena viniga. Lolembedwa "zinc carbon", lija lotsika mtengo, lifuna soda wophikira therere wosungunula m'timadzi pang'ono.

Kulungani kansalu ku kamtengo, mukanyowetse pang'ono, nimupake pa kachitsulo pokha. Madzi asalowe m'kati mwa wailesi. Pouma gwa tsukani ndi mswachi wakale. Dzimbiri lotsala palani ndi sandipepa kufikira chitsulo chiwale, koma kachitsulo kopota kaja musakakoke, kangathyoke. Pukutani, nimudikire kuti paume ndithu musanaike mabatire ena.

Mankhwalawa amaocha khungu. Akalowa m'diso, tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi 15, nimupite ku chipatala msanga. Ana asaseweretse mabatire akutha. Musawaponye pa moto, pakuti amaphulika; musawataye m'dimba, pa dzenje la manyowa, kapena m'mtsinje wa Nasolo ndi Mudi, kumene anzanu amachapa ndi kuthirira ndiwo.

Kupewa kuposa kuchiza. Musaphatikize batire latsopano ndi lakale, chifukwa lakale ndilo liyamba kukha. Chipangizo chikati chikhale mwezi osagwira nchito, chotsamoni mabatire, muwasunge pouma ndi pozizira. Muziyang'anamo mwezi ndi mwezi, monga muyang'anira anankafumbwe m'nkhokwe.