Mtanda Wofiira, mankhwala a m'madzi ndi mphekesera za kolera

Mvula ikayamba kugwa m'maboma a m'malire muno, madzi othamanga amakokolola zonyansa za kuthengo ndi za m'zimbudzi zodzaza n'kukazithira m'zitsime zosavindikira. Imeneyi ndiyo nyengo ya kolera, ndiponso ndiyo nyengo imene anthu ovala malaya a mtanda wofiira amayenda khomo ndi khomo. Iwowa ndi a bungwe la Cruz Vermelha de Moçambique, limene tsidya lino ndi ku Malawi komwe ambiri amalitchula kuti Red Cross.

Bungweli linakhazikitsidwa m'dziko muno pa 10 Julayi 1981, koma chiyambi chake ndi chakale. M'chaka cha 1859 munthu wina wa ku Switzerland, Henry Dunant, anaona asilikali ovulala atasiyidwa opanda chithandizo itatha nkhondo ya ku Solferino, ku Italy. Iye anasonkhanitsa amayi a m'midzi yoyandikira kuti azipatsa madzi ndi kumanga mabala a aliyense, osafunsa kuti wovulalayo anali wa mbali iti. Mtanda umene uli pa malaya aja si wa mpingo ayi. Ndi mbendera ya Switzerland imene anangoitembenuza mitundu.

Akuluakulu a ku Angónia ndi Tsangano safuna wowauza za bungweli. Pa nthawi ya nkhondo, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ambiri n'kukhala ku Dedza, Ntcheu, Mwanza ndi Nsanje. Kumeneko a Red Cross ya ku Malawi ndiwo ankagawa ufa ndi nyemba pa mzere. Panalinso tikalata tosamata, tololedwa kunena nkhani za m'banja zokha, timene tinkadutsa m'manja mwa a mtanda wofiira kufunafuna mwana kapena mayi amene anasochera pothawa. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ntchito yofufuza achibale inapitirira pamene anthu ankabwerera kumabwinja kwao.

Ogwira ntchito imeneyi m'midzi si madokotala ndipo salandira malipiro a pamwezi. Ndi alimi, aphunzitsi, ana a sukulu, amayi ogulitsa tomato pamsika. Amaphunzitsidwa chithandizo choyamba: kuletsa magazi, kumanga mwendo wothyoka, kunyamula wodwala kupita naye kuchipatala. Mphepo ya mkuntho ikamayandikira amachenjeza anthu okhala m'mbali mwa mitsinje, monga zinafunikira mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana anadzazitsa mtsinje wa Revubwe mpaka kugumula mlatho pafupi ndi mzinda wa Tete. Madzi akaphwa amathandiza kulemba mayina a mabanja amene nyumba zao zagwa ndi kugawa malona, zidebe ndi sopo.

Koma ntchito yovuta kuposa zonse ndi ya kolera, ndipo kuvuta kwake sikuli pa mankhwala. Kuli pa mawu awiri. M'Chipwitikizi mankhwala oyeretsera madzi amatchedwa "cloro" pamene matendawo ndi "cólera". Kwa munthu amene sanapite patali ndi sukulu, mawuwa amamveka ngati amodzi. Onjezanipo apa: anthu a mankhwalawo amafika m'mudzi pa nthawi yomweyo imene matenda ayamba. Munthu akaona mlendo akuthira kanthu konunkha m'chitsime Lolemba, mwana wake n'kuyamba kutsekula m'mimba Lachitatu, mutu wake umalumikiza zinthu ziwirizo msanga. Chikhalirecho mwanayo amakhala kuti anamwa tizilombo kale, pakuti kolera imatha kubisala m'thupi mpaka masiku 5 isanaonekere.

Mphekesera imeneyi yaphetsa anthu. M'chaka cha 2009, ku boma la Mogincual m'chigawo cha Nampula, ena mwa ogwira ntchito mongodzipereka a Cruz Vermelha anaphedwa ndi anthu okwiya amene ankawanena kuti akufalitsa kolera. Apolisi atagwira oganiziridwa, anthu oposa 10 anafera m'chitokosi chothina chifukwa chosowa mpweya. Sibwino kungoti anthuwo anali mbuli n'kuthera pomwepo. Ambiri anali osauka amene kwa zaka zambiri sanaonepo chithandizo chikubwera chaulere, ndiye chinthu chaulere anachikayikira.

N'chifukwa chake bungweli limadalira anthu a m'mudzi momwemo. Munthu amene mayi ake amatunga pachitsime chimenecho, ana ake n'kumamwa madzi omwewo, ndi wovuta kumunena kuti wathiramo imfa. Wodziwa ntchito yake amayamba wakagwada kwa a mfumu kapena a nyakwawa, kufotokoza pabwalo anthu onse akumva, ndipo pena amatunga madzi othira mankhwalawo n'kumwa iye mwini poyera.

Zimene amaphunzitsa ndi zochepa koma zimapulumutsa. Madzi akumwa aziwiritsidwa kapena kuthiridwa Certeza motsata muyeso wolembedwa pabotolo, kenaka adikire mphindi 30 asanamwe. M'manja muzisambidwa ndi sopo kapena phulusa pochokera kuchimbudzi ndi pofuna kudya, madzi ake othirirana osati a m'beseni limodzi. Wodwala kolera amafa chifukwa madzi amatha m'thupi, nthawi zina tsiku lisanathe, choncho azimwetsedwa kosalekeza ali pa ulendo wa kuchipatala. Ngati timapaketi ta kuchipatala palibe, m'lita imodzi ya madzi abwino amathiramo masipuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Maliro a kolera nawonso ali ndi malamulo ake owawa, pakuti kusambitsa mtembo ndi manja opanda chotetezera ndi kudyera pamodzi pasiwa kwafalitsa matendawa m'midzi yambiri.

Kolera sidziwa malire. Mliri umene unayamba ku Malawi mu 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dzikomo. Mu Seputembala chaka chomwecho matendawa anabuka ku boma la Lago m'chigawo cha Niassa, n'kufika ku Tete ndi zigawo zina, ndipo anakula kwambiri ku Quelimane namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023. Pa misika ya m'malire monga Lizulu ndi Zobwe anthu a mayiko awiriwa amagula, kudya ndi kumwa pamodzi sabata iliyonse.