CAKUDYA CITHANDIZA, KOMA SICICIRITSA MATENDA A ENDOMETRIOSIS

M'midzi yathu muli azimai ndi atsikana ambiri amene mwezi uli wonse agona pamphasa masiku awiri kapena atatu cifukwa ca kupweteka kwa m'mimba akapita kumwezi. Khasu aliika pansi, kusukulu ajomba, ndipo acikulire angowauza kuti apirire pakuti ndico cikazi. Komatu ululu wolepheretsa munthu kugwira nchito ukhoza kukhala cizindikiro ca matenda ochedwa endometriosis.

Matendawa ayamba pamene timinofu tofanana ndi tija tokuta mkati mwa cibaliro timera kunja kwace, monga pa ziwalo zopanga mazira, pa matumbo kapena pa cikhodzodzo. Nthawi ya kumwezi ikakwana, timinofuto nato tikha magazi amene alibe potulukira. Cotero m'mimba mutupa, mucita zipsera, ndipo ziwalo zimamatirana. Mai amva kuwawa pocita cimbudzi, pokodza, kapena pokhala malo amodzi ndi amuna ace, ndipo ena avutika kutenga pathupi. Bungwe la World Health Organisation linena kuti mwa azimai 10 a msinkhu wobala, mmodzi ali ndi matendawa. Si ufiti, ndiponso sapatsirana.

Nanga cakudya cingathandize bwanji? Ku America akatswiri anatsatira anamwino oposa 70,000 kwa zaka 12, ndipo mu 2010 analengeza zimene anapeza. Pakati pa aja odya kwambiri mafuta a omega-3, amene apezeka mu nsomba, matendawa anacepa ndi 22 peresenti. Pakati pa odya kwambiri mafuta olimba okonzedwa m'mafakitale, opezeka m'mabisiketi ndi majarini ena, matendawa anaculuka ndi 48 peresenti. Mu 2018 kunapezekanso kuti odya nyama yofiira koposa kawiri pa tsiku apezeka nawo kawirikawiri kuposa odya kamodzi pa mlungu. Ziwerengerozi zionetsa amene matenda akonda kuwagwira. Sizinena kuti wodwala kale adzacira akasintha kadyedwe.

Apa mpofunika kucenjera, pakuti m'misika ndi m'masitolo muli mabotolo a mavitamini ndi mafuta a nsomba amene ogulitsa awatama kuti atsuka cibaliro. Mu 2020 madokotala a ku Boston anafalitsa zotsatira za kuyesa kwao pa atsikana odwala matendawa. Ena anapatsidwa vitamini D, ena mafuta a nsomba, ndipo ena mapilitsi opanda mankhwala. Patapita miyezi 6, omwa vitamini D ndi mafuta a nsomba sanapeze bwino kuposa anzao aja. Mu 2022 bungwe la ESHRE, la akatswiri a za ubereki ku Ulaya, linati palibe umboni wokwanira wolangizira kadyedwe kamodzi monga mankhwala a ululuwu. Banja lisagulitse thumba la cimanga kaamba ka botolo.

Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Cakudya copatsa wodwala mphamvu cili pakhomo pathu pomwe. Kapenta wa ku Mpulungu kapena wa ku Siavonga ali ndi omega-3 ndi ayironi, ndipo soya amene tilima alinso ndi mafuta abwino. Mai wotaya magazi ambiri afunika kuwabwezera pakudya kayera, nyemba, bondwe, ciwawa ndi kalembula. Pamodzi ndi ndiwozi adyeko gwafa, lalanje, mango kapena malambe, cifukwa vitamini C athandiza thupi kulandira ayironi. Tiyi acita zosiyana ndi zimenezi, motero amwedwe patapita ola limodzi kapena awiri munthu atadya.

Nsima ya mgaiwa, mapira kapena mawere iposa ya ufa woyera, pakuti gaga afewetsa cimbudzi ndipo mai sakankha ndi ululu. Madzi akumwa akhale okwanira. Ena aona kuti zakudya zina, monga nyemba kapena mkaka, ziwatupitsa mimba. Otero ayese kusiya cimodzi kwa milungu yowerengeka, naone ngati pali kusintha. Kusala zakudya zambiri nthawi imodzi kungofooketsa thupi.

Koposa zonse, wodwala apite ku kiliniki. Mankhwala ociritsiratu matendawa sanapezeke, koma ululu ucepa ndi mapilitsi onga ibuprofen, mankhwala olera, ndipo nthawi zina opareshoni. Ibuprofen amwedwe munthu atadya, ndipo wa zilonda za m'mimba kapena wapakati ayambe wafunsa anamwino. Amene magazi ace acepa adzapatsidwa mapilitsi oonjezera magazi. Ngati vuto lipitirira, a kiliniki adzalemba kalata yotumiza wodwala ku cipatala cacikulu, monga Chipata Central, St Francis ku Katete, kapena UTH ku Lusaka.

Inu abambo, inu apongozi ndi alangizi a cinamwali, nkhani iyi ndi yanunso. Mai wogona ndi ululu si waulesi, ndipo wocedwa kubala sayenera kunyozedwa kapena kupitikitsidwa pa ukwati. Mtungireniko madzi pa masiku ovutawo, musiyireni ndiwo yabwino m'mbale, ndipo mumperekeze ku cipatala matenda asanakule.